Kubwereza Si Kulankhula: Kupima Ciphunzitso ca Skinner ndi Omtsata Ace

M'caka ca 1957 mphunzitsi wina wa pa sukulu yaikulu ya Harvard ku America, dzina lace B. F. Skinner, anatulutsa buku limene analicha Verbal Behavior, ndiko kunena macitidwe a munthu polankhula. Mwini wace sanalilembe poganizira aphunzitsi a ana aang'ono. Komabe m'zaka zotsatira anthu ofufuza anatenga maganizo ace napita nao m'zipatala, m'masukulu ndi m'makomo, kwa ana amene nzeru zao zikula pang'onopang'ono, ndi kwa ana a cibadwa cija madokotala acicha autism, ndiwo ana amene abvutika kulankhula ndi kuceza ndi anzao, nakonda kucita cinthu cimodzi mobwerezabwereza. M'nkhani ino tifuna kuipeta nchito imeneyi monga mai apeta mphale m'licero, kuti gaga apite padera.

Nkhaniyi ikhudza inu amene mukonzekera uphunzitsi, pakuti ambiri a inu simudzatsiriza caka canu coyamba osakomana ndi mwana wokhala duu kumbuyo kwa anzace, kapena wobwereza mau onse a mphunzitsi koma osatha kupempha madzi akumwa. Ciweruzo cathu ndi ici: cuma ceniceni ca ciphunzitsoci siciri m'mphotho zija zimene cinachuka nazo, koma m'funso limene cipatsa mphunzitsi, lakuti, Kodi mau awa, kapena macitidwe awa, amgwirira nchito yanji mwanayu?

Muzu wa ciphunzitso

Skinner anayamba kufufuza kwace pa makoswe, nalemba zimene anapeza m'buku la 1938, The Behavior of Organisms. Pambuyo pace anayesanso nkhunda. Cimene anaona ncosabvuta kucimva. M'kacitidwe kali konse muli zinthu zitatu: cimene citsogola, cimene camoyoco cicita, ndi cimene citsata. Cotsataco cikakhala cokoma, kacitidweko kaculuka. Cikaleka kubwera, kacitidweko kazilala ngati moto wosasonkhezera. Ndipo kacitidwe kobvuta sikagwa kamodzi ngati dzungu lothyoledwa, koma kaumbidwa pang'onopang'ono monga mbiya, woumbayo nalimbikitsa phazi liri lonse lolunjika kumene afuna.

Umboni woyamba wakuti lamuloli lingathandize munthu wolumala kwambiri unaoneka m'caka ca 1949, pamene Paul Fuller analemba za mnyamata wa zaka 18, wosalankhula, wosatha ngakhale kudzitembenuza pogona, amene omsunga anati sangathe kuphunzira kanthu. Fuller anali kumdonthezera m'kamwa mkaka wofunda wothira shuga nthawi iri yonse akasuntha dzanja lamanja, ndipo atacita cotero maulendo anai okha mnyamatayo anali kulikweza dzanjalo kawirikawiri. M'caka ca 1964 Montrose Wolf, Todd Risley ndi Hayden Mees, a pa University of Washington, analemba za kamnyamata ka zaka zitatu ndi theka ka autism, kamene anakacotsa ng'ala m'maso, ndipo kakadataya kupenya kwace pakuti kanakana kubvala mandala. Iwo anayamba ndi zogwirira zokha zopanda magalasi. Anakapatsa cakudya pang'ono kakazitola, kenaka kakazinyamula, kenaka kakaziyandikiza kunkhope, kufikira kuti potuluka m'cipatala kanali kubvala mandala pafupifupi maora 12 pa tsiku.

Nchito ziwirizi tizitama cifukwa zinacotsa bodza lalikulu, lakuti pali ana ena osaphunzitsika. Zinaonetsa kuti mwana akalephera, coyamba kucikayikira ndi kukula kwa phazi limene mphunzitsi wamuikira. Koma tisabise kuti ofufuza a 1964 aja anacedwetsa cakudya ca mwanayo kuti akhale ndi njala, mphothoyo imkomere. Njira yotere mphunzitsi sayenera kuitsanza, ndipo tionanso kutsogoloku kuti banga limeneli linakula.

Liu limodzi, nchito zinai

Tsono tibwere ku buku la 1957 lija. Wowerenga adziwe kuti m'bukuli Skinner sanalembemo zoyesa zace pa ana. Anangotenga lamulo lopezedwa pa nyama nalongosola nalo kulankhula kwa anthu. Iye anati liu si cinthu cimodzi cimene mwana acitola naciika m'thumba. Liu lidziwika ndi nchito yace. Titenge liu lathu lakuti madzi. Mwana waludzu akati "madzi" napatsidwa cikho, kumeneko ndi kupempha, kumene Skinner anakucha mand. Akaona mtsinje nati "madzi," amai ace nabvomera, kumeneko ndi kuchula coona, kumene anakucha tact. Mphunzitsi akati "madzi," mwana natinso "madzi," kumeneko ndi kubwereza, kumene anakucha echoic. Ndipo akafunsidwa kuti, "Kucitsime timatungako ciani?" nayankha kuti "madzi," kumeneko ndi kuyankha mau ndi mau ena, kumene anakucha intraverbal. M'khutu liuli ndi limodzi, koma nchito zace nzinai, ndipo mwana angathe kukhala ndi imodzi osakhala nazo zinazo.

Ofufuza anayesa ngati izi nzoona. M'caka ca 1985 Lamarre ndi Holland anaphunzitsa ana aang'ono mau onena kumanzere ndi kumanja, napeza kuti mwana wophunzira kuwachula poona pamene cinthu ciri sanayambe pa yekha kupempha nao kuti cinthu ciikidwe pamenepo. M'caka ca 1987 Hall ndi Sundberg anapezanso zofanana pa acinyamata osamva amene analinso ocepa nzeru: kudziwa dzina la cinthu sikunakwanire kuti acipemphe pocisowa, kufikira ataphunzitsidwa kupemphako pakokha. Ana ambiri alumpha okha kucokera pa nchito ina kunka pa inzace, kotero kuti ife sitizindikira kuti panali mtsinje wooloka. Mwana wolumala ndiye ationetsa mtsinjewo.

Apa ndipo pagona phunziro loyamba la ife. M'makalasi athu oyamba mumveka kawirikawiri mau akuti, "Nenani pambuyo panga," ana onse nayankha pamodzi mokweza, mphunzitsi nakondwa. Kubwereza kotere kuli ndi malo ace, pakuti kuongola lilime. Koma ndiyo nchito imodzi yokha mwa zinai, ndiponso ndiyo yosaonetsa ngati mwana wamva tanthauzo. Mwana wa autism angathe kubwereza ciganizo conse bwinobwino, ngakhale ndi kamvekedwe ka mau a mphunzitsi, ndipo m'cisokosoko ca anzace abisika caka cathunthu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cotsutsa ca Chomsky

M'caka ca 1959 Noam Chomsky, katswiri wa zinenero, analemba m'magazini ya Language nkhani yotsutsa bukuli, imene inamveka kuposa bukulo. Mfundo yace yaikulu inali yakuti mwana anena ndi kumva ziganizo zimene sanazimvepo ndi kale lonse, zimene palibe anampatsira mphotho. Ndiponso kuti mau monga cilimbikitso, akacotsedwa m'bokosi la khoswe ndi kuikidwa pa kulankhula kwa anthu, atanuka kotero kuti alongosola zonse koma osatsimikiza kanthu.

Ife olankhula Cicewa tingathe kuona mphamvu ya mfundoyi mosabvuta. Jean Berko, m'caka ca 1958, anaonetsa ana olankhula Cingerezi zithunzi za tinyama ta maina opeka, ndipo anawo anatha kuwaculukitsa mainawo mwa lamulo la cinenero cao. Yesani nokha: jambulani kanthu kacilendo, muuze mwana kuti ici ndi cipeku, kenaka mjambulire ziwiri. Ana ambiri adzati zipeku ziwiri, ndipo mukawafunsa mwini wace adzati cipeku canga, zipeku zanga. Palibe anawaphunzitsa liu limeneli, pakuti kulibe. Cimene ali naco ndi lamulo la magulu a maina ndi agwirizanitsi ace. Pamenepa Chomsky ananena zoona, ndipo buku la Skinner silikhutitsa.

Koma omtsata Skinner sanangokhala cete. M'caka ca 1968 Guess, Sailor, Rutherford ndi Baer anaphunzitsa mtsikana wina wolumala nzeru kuculukitsa maina a Cingerezi mwa kutsanzira ndi mphotho, ndipo atapyola zitsanzo zingapo iye anayamba kuculukitsa yekha maina amene sanamphunzitse. M'caka ca 1971 Murray Sidman anagwira nchito ndi mnyamata wa zaka 17, wolumala nzeru kwambiri, amene anali kutha kuloza cithunzi akamva dzina lace ndi kuchula zithunzi, koma osawerenga. Sidman anamphunzitsa cinthu cimodzi cokha, kuloza liu lolembedwa akamva likunenedwa, pa mau 20. Pambuyo pace mnyamatayo, wosaphunzitsidwanso, anatha kuphatikiza mau olembedwa ndi zithunzi zace ndi kuwawerenga mokweza.

Kodi tsono anapambana ndani? Ife titi, pa funso lakuti cinenero cimera bwanji mwa mwana wa munthu, mlandu sunathe, ndipo Skinner yekha sangaugamule. Koma mphunzitsi ali ndi funso lina, lakuti ndicite ciani m'mawa muno ndi mwana uyu amene cinenero sicinammere. Ndipo pa funso ili omtsata Skinner ndiwo anabwera ndi makasu. Zimene anapeza zitiuza kuti lamulo limera pa zitsanzo zosankhidwa bwino ndi zosiyanasiyana, ndi kuti ciyeso ceniceni ca kuphunzira ndico cimene mwana acita pa cinthu cimene sitinamphunzitse.

Ciwerengero cochuka ca Lovaas

Palibe nchito ya gululi inamveka kutali ngati ya Ivar Lovaas wa ku Los Angeles. M'caka ca 1987 iye analemba za ana 19 a autism amene anayamba kuphunzitsidwa asanakwane zaka 4, maora 40 kapena kuposa pa mlungu, mwana mmodzi ndi mphunzitsi wace, kwa zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwa iwo ana 9 anatsiriza kalasi loyamba pamodzi ndi ana ena onse, napeza malikisi a mwana wamba pa mayeso a nzeru. Mwa ana ena 40 oyerekeza nao, amene sanalandire maphunziro oculuka cotero, mmodzi yekha ndiye anafika pomwepo. Makolo atamva izi anaona ngati dzuwa latuluka usiku.

Wophunzira uphunzitsi aphunzire kufunsa mafunso pa ciwerengero ciri conse cokoma, ndipo pa ici mafunso alipo anai. Loyamba: anawo sanagawidwe m'magulu mwa maere, koma monga mwa kupezeka kwa aphunzitsi, motero sitingatsimikize kuti maguluwo anali olingana pa ciyambi. Pamene Smith, Groen ndi Wynn anayesanso njirayi m'caka ca 2000, nagawa ana 28 mwa maere, phindu linaoneka ndithu, koma locepa kwambiri poliyerekeza ndi la 1987. Laciwiri: malikisi a mayeso ndi kalasi limene mwana akhalamo sizitiuza ngati ali ndi bwenzi, ngati akondwa, kapena ngati atha kunena cimene cimpweteka. Lacitatu: m'maphunziro amenewo munali kukalipa mokweza ndi kumenya pa nchafu, ndipo kale m'caka ca 1965 magazini ya Life inali itaonetsa zithunzi za ana a pa cipatala cimene Lovaas anagwirako nchito akupatsidwa zilango zowawa. Lacinai: colinga cace cinali cakuti mwana asasiyanitsike ndi anzace, ndipo akulu ambiri a autism, amene tsopano alemba ndi kulankhula okha, atsutsa colingaci, nati kuletsa mwana kugwedeza manja, kumene sikupweteka munthu, kungomphunzitsa kubisa cibadwa cace ndi kugonjera ali yense womlamula.

Cina cimene Lovaas ndi anzace anacipeza m'caka ca 1973 ncofunika kuposa ciwerengero cijaci. Atatsata ana amene anawaphunzitsa, anaona kuti obwerera ku nyumba zosungiramo olumala anataya zambiri zimene anaphunzira, pamene obwerera kwa makolo ophunzitsidwa njirayo anazisunga napitirira. Mau aphuka pamene pali wowamva ndi kuwayankha. Pamene palibe, afota.

Mwana wobvuta ali kunena kanthu

Cipatso cokoma koposa ca mtengowu cinapsa mocedwa. M'caka ca 1982 Brian Iwata ndi anzace, ku Baltimore, anafufuza ana 9 amene anali kudzipweteka okha, ena podzimenya, ena pogunditsa mutu. Iwo sanayambe ndi funso lakuti tiwaletse bwanji. Anayamba ndi lakuti acitira ciani. Anamuika mwana ali yense m'zikhalidwe zosiyana mosinthasintha, kwa mphindi 15 ciri conse: pena wamkulu anali kumsamala pokhapo akadzipweteka, pena anali kumpatsa nchito yobvuta naicotsa akadzipweteka, pena anamsiya yekha wopanda coseweretsa, pena anali kusewera naye momasuka. Mwa ana 6 kudzipwetekako kunaculuka m'cikhalidwe cimodzi codziwika, koma cikhalidweco sicinali cimodzimodzi kwa onse. Kacitidwe kamodzi m'maso, zifukwa zosiyana m'kati, monga momwe tinaonera pa liu lija la madzi.

M'caka ca 1985 Edward Carr ndi Mark Durand anapitiriza pamenepo. Atapeza kuti ana ena abvuta cifukwa nchito yawakulira, ndipo ena cifukwa wamkulu wawaiwala, anaphunzitsa oyambawo mau opempha cithandizo, ndi enawo mau oitanira wamkulu kuti aone nchito yao. Kukuwa ndi kumenya kunatsika kwambiri; koma mwana akaphunzitsidwa mau osagwirizana ndi cosowa cace, bvuto linakhalabe. Motero tiona kuti kukuwa kunali pempho la mwana wosowa mau.

Lingalirani tanthauzo lace m'kalasi mwanu. Mwana aponya sileti pansi nthawi iri yonse ya masamu, inu nimumtulutsa panja. Mukuyesa kuti mwamlanga, koma ngati cimene afuna ndi kuthawa masamu, mwamlipira, ndipo mawa adzaponyanso. Wina akuwa inu mukatembenukira kwa anzace, nimumkalipira. Ngati cimene afuna ndi maso anu, kukalipako ndiyo mphotho yace. Ndodo siyankha funso lakuti cifukwa ninji. Kuona maso a nkhono nkudekha: tengani kope, mulembe kwa mlungu umodzi cimene cinatsogola, cimene mwana anacita, ndi cimene cinatsata, ndipo kawirikawiri njira yace idzaoneka yokha.

Cinenero ca kwao ndi mwambo wa kwao

Zofufuza zonse tachulazi zinacitika ku America, ndipo zambiri zinacitika m'Cingerezi, mphunzitsi mmodzi ndi mwana mmodzi m'cipinda cabata. Kuno ku Malawi, makamaka kuyambira m'caka ca 1994 pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, makalasi oyamba adzaza, ndipo maora 40 a mwana mmodzi ndi loto. Wotenga ciphunzitsoci cathunthu ngati katundu wa m'sitolo adzakhumudwa. Koma mfundo ziwiri zocokera m'kati mwace momwe zitithandiza kusankha.

Yoyamba ndi ya cinenero. Skinner anaphunzitsa kuti mau akhala ndi mphamvu cifukwa anthu ozungulira wolankhula awayankha. Ngati nditero, mapempho oyamba a mwana wocedwa kulankhula ayenera kukhala m'cinenero cimene cimveka pakhomo pace, kaya ndi Cicewa, Ciyao, Citumbuka, Cilomwe kapena Cisena. Mwana wophunzira movutikira kupempha madzi m'Cingerezi, nakanena liulo kwa agogo ace osalimva, sadzalandira madzi, ndipo liulo lidzazilala monga mwa lamulo lomwelo. Cifukwa cace itanani mai wace, kapena mlongo wace amene ambereka, mupangane mau asanu kapena asanu ndi limodzi, monga madzi, nsima, ndithandizeni, ndatopa, iai, kuti akawanena kusukulu ndi kumudzi ayankhidwe msanga. Ngati pakamwa sipatulutsa mau, cizindikiro ca dzanja kapena cithunzi cigwira nchito yomweyo.

Yaciwiri ndi ya mwambo. M'caka ca 1978 Montrose Wolf yemwe uja analemba kuti sikukwanira kuonetsa kuti njira yasintha macitidwe. Afunsidwe eni ace ngati colingaco ncofunika kwa iwo, ndi ngati njirayo njobvomerezeka. M'maphunziro a Lovaas limodzi la maphunziro oyamba linali kuyang'ana mphunzitsi m'maso. Kwathu kuno mwana wopenyetsetsa wamkulu m'maso ayesedwa wamwano. Cimene makolo afuna ndi kuti abvomere akaitanidwa, alandire ndi manja awiri, apereke moni. Wosankha zophunzitsa mwana asankhe pamodzi ndi abale ace, ndipo asaiwale kuti mwanayo nayenso ndi mwini nkhani: kukana kwace nakonso ndi mau.

Ciweruzo

Tikasonkhanitsa zonse, titi ciphunzitsoci cilephera pamene cidziyesa cokwanira kulongosola cinenero conse ca munthu. Cinalakwa pamene cinalola njala ndi zowawa kukhala zida za mphunzitsi. Ndipo ziwerengero zace zochuka zinalonjeza zoposa zimene ofufuza a pambuyo anapeza. Koma cinatisiyira zinthu zitatu zosagula ndi ndalama: kugawa nchito m'mapazi aang'ono, kuyesa mwana pa cimene sitinamphunzitse, ndi kufunsa nchito ya kacitidwe tisanakaweruze.

Tsono mukadzaima patsogolo pa kalasi lanu, ana onse nabwereza mau anu pamodzi, musafulumire kukondwa. Muyandikire uja wa kumbuyo, mugwire m'dzanja cinthu cimene acikonda, mudikire pang'ono, muone ngati ali ndi njira yocipemphera. Akakhala nayo, mpatseni msanga. Akapanda, phunziro lace loyamba ndi limenelo, ndipo alifabeti idikire.